Misomali m'Nyumba ya Apongozi

Mukatsika matola pamsika wa kwa Nazombe n'kuyang'ana mbali ya kuphiri, muona nyumba yosanja imodzi yokha, penti wake atasuluka. Kale inali sitolo ya mmwenye. Madzi a Napolo atakokolola mudzi wawo mu 1991, mayi Belita ndi malemu amuna awo anaigula itatsala pang'ono kugwa. Iwo ankakhala m'zipinda zapansi, chipinda cham'mwamba n'kumachititsa lendi. Aliyense amene ndinacheza naye pamsikapo anayamba nkhaniyi ndi mawu amodzimodzi: nyumba imeneyo inalibe chinsinsi. Chipinda cham'mwambacho chinali ndi matabwa akale a mkungudza, ouma ndi otalikirana, oti munthu akangosuntha phazi ankalira ngati mwana wa mbuzi.

Lawrence Chirambo, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Rumphi, analowa m'chipindamo chaka cha chisankho chachiwiri cha matipate, ndipo matabwa omwewo ndi amene anamupezera chibwenzi. Sellina, mwana wa mayi Belita, ankasoka zovala pansi pake penipeni. Tsiku lina atatopa ndi phokoso anagogoda kudenga ndi mpini wa tsache. Lawrence anayankha ndi chidendene. Sellina anagogodanso. Pofika nthawi yothyola nandolo, mpini ndi chidendene zinali zitakambirana zambiri, ndipo eni ake anali atalonjezana ukwati pamtengo wa mango kuseri kwa chigayo. Lawrence anavula wotchi yake n'kumupatsa ngati chikole.

Vuto linali mayi Belita.

"Anthu akumpoto amapereka ng'ombe n'kunyamula mkazi, ana n'kukhala awo," ankatero. "Ine Napolo anandisiyira mwana mmodzi yekha. Kwathu kuno mwamuna ndiye amabwera, amamanga, amakhala. Uyu ngakhale kuponda gule wathu wa tchopa sadziwa. Akhala mkamwini wa ndani?"

Mawu a tchopawo anamufika Lawrence, ndipo anamulowa.

* * *

Lachinayi lina masana mayi Belita anabwerako msanga kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, mutu ukuwapweteka. Atangolowa anaima pakati pa nyumba, maso kudenga.

"Taimitsa makinawo."

"Ndaimitsa kalekale, amayi," anatero Sellina.

Denga linkanjenjemera. Mapazi olemera ankagunda mosalongosoka, ena opepuka n'kumawazungulira mofulumira. Fumbi linkagwera pansalu yomwe Sellina ankasoka.

"Mwina akusuntha bedi," anatero mtsikanayo, mawu ake ali pansi.

"Bedi limadumpha? Olemerawo ndi a mlangizi wako, ndimawadziwa. Nanga opepukawo, opanda nsapatowo? Ameneyo ndi mkazi, mwana wanga. Ndipo ndi wochepa thupi. Zayamba liti?"

Zinali zitayamba masabata angapo m'mbuyomo, Lachinayi lililonse mayi Belita akangotuluka. Sellina anatenga tsache n'kugogoda mwaukali. Kumwamba kunati zii. Mayi Belita anathamangira kuseri kwa nyumba komwe kunali makwerero opita m'mwamba, koma anangopeza mitengo ya nandolo ikugwedezeka m'munda.

Akanathamangako pang'ono, akanaona mchimwene wawo weniweni, a Eneya, akulowa m'nandolomo nsapato zili m'manja.

A Eneya anali atsibweni a Sellina, mwini mbumba, woti ukwati sungatheke popanda mawu awo. Anali kamunthu kochepa, ka mapazi ngati a mtsikana. Pa unyamata wawo palibe ankawaposa tchopa kuyambira kwa Nazombe mpaka kutsidya kwa malire. Koma tsopano anali mkulu wa mpingo, ndipo mpingo wawo sunkafuna kumva za gule wa zikopa ndi nthenga. Lawrence atawapempha kuti amuphunzitse, mapazi awo anavomera pakamwa pasanavomere. Anangomulumbiritsa kuti asauze munthu, ngakhale Sellina. Ng'oma ankaimba ndi pakamwa.

* * *

Madzulo dzuwa lisanalowe awiriwo anakumana pamango paja.

"Ndi ndani?" anafunsa Sellina, osapereka n'komwe moni.

"Sellina, ukanadziwa ukanaseka mpaka kugwa pansi."

"Ndiseketseni ndiye. Ndi uja wa kuchipatala wovala magalasi uja?"

"Ayi."

"Ndi Violet wogulitsa zitumbuwa? Amakupatsani zowonjezera, ndimaona."

"Amandipatsa chifukwa ndinamuchiritsira mbuzi. Tamvera, ndinalumbira kuti sindinena."

"Munalumbira kwa mkazi?"

"Kwa munthu."

"Mkazi si munthu?"

Lawrence anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunaipitsa zinthu. Anamugwira dzanja nkhope ikuwala. "Dikira mpaka tsiku lovundukula chiliza cha bambo ako. Abale anu a ku Mozambiki akabwera ndi ng'oma, uona chinthu choti sudzaiwala. Amayi ako adzandiitana okha."

"A Lawrence," anatero Sellina akuchotsa dzanja lake, "ine ndimakukhulupirirani chifukwa ndimakumvani. Mukadzuka ndimamva. Mukakhumudwa kuntchito ndimamva kayendedwe. Tsopano ndikumva mapazi a wina, ndiye mukuti nditseke makutu?"

* * *

M'mawa mwake a Eneya anamupeza Lawrence panjira ya kudibi, akutuluka thukuta ngakhale kunali kozizira.

"Mphwanga, achemwali aja akandigwira, Lamulungu likudzali dzina langa liwerengedwa paguwa. Mwina tisiye."

"Tisiye ndatsala pang'ono kudziwa kutembenuka? Ayi, bambo. Vuto ndi matabwa. Tiwatseke pakamwa."

Wogulitsa matabwa pamsikapo anali Fletcher, mnyamata wa pikapu yoyera ndi unyolo wonyezimira m'khosi. Anafunsira Sellina kawiri, kawiri konse n'kukanidwa, koma sanasiye kutumiza shuga ndi sopo kwa mayi Belita. Atamva zomwe Lawrence ankafuna, anamwetulira mpaka mano a m'mbali.

"Zophweka, abwana. Akalewo musazule, mkungudza suwola. Muyambe mwakhomera ogwederawo. Mipata muthire utuchi. Pamwamba muyale ziguduli, kenako paini watsopano mopingasa. Mukatero ngakhale muvine ndi njovu, pansi samva."

"Utuchi ndiupeza kuti?"

"Ndikupatsani ulere. Pa nkhani ngati iyi amuna timathandizana."

Pikapu isanazizire n'komwe kuchokera kotula matabwawo, Fletcher anali atakhala kale pakhonde la mayi Belita, kapu ya thobwa ili m'manja.

"Ine sindikunena kanthu, amayi," anatero mokweza kuti Sellina amve m'katimo. "Ndagulitsa matabwa, basi. Koma zandidabwitsa. Munthu wopanda chobisa amavutikiranji kutontholetsa nyumba?"

* * *

Chilolezo chokhoma Lawrence anapempha kwa a Eneya monga mwini mbumba. Mkuluyo anayang'ana mulu wa matabwawo kwa kanthawi, kenako maso ake anayamba kuseka.

"Walemba kalipentala?"

"Ndimati ndiitane a Sitima."

"Ayi. Ukhome wekha, ndi dzanja lako. Usalole munthu wina akhome ngakhale msomali umodzi."

"Chifukwa chiyani? Ine si mmisiri."

"Ngakhale apindike. Khoma."

A Eneya anatola msomali woyamba n'kuuika okha m'manja mwa Lawrence.

Ntchitoyo inatenga sabata yathunthu, Lawrence akaweruka. Anatulutsa bedi ndi tebulo n'kuziika pakhonde lam'mwamba. Anakwawa ndi mawondo kufunafuna thabwa lililonse lolira, n'kulikhomera ku mtanda wake. Utuchi unamulowa m'mphuno ndi m'tsitsi. Ziguduli zinkanunkha fodya, paini akununkha utomoni, ndipo chala chake chachikulu chinada bii ndi nyundo. Koma ankaimba. Thabwa lililonse likagona, ankaimapo n'kudumpha, n'kumvetsera, n'kuseka yekha. A Eneya ankakhala pawindo n'kumaloza: "Apo pakhota. Zilibe kanthu, pitiriza."

Matabwa anaperewera pakona ya kukhomo, pamwamba penipeni pa balaza la mayi Belita. Pamenepo panatsala mkungudza wakale ndi mipata yake. Fletcher anati ena abwera sabata yamawa.

Pansi, nyundo iliyonse inkagunda pamtima pa Sellina. Tsiku lomwe inasiya kulira, iye anadikira kuti amve mapazi aja akuyenda kuchokera kuwindo kupita kubedi monga mwa masiku onse. Sanamve kanthu. Anatenga tsache n'kugogoda pamwamba pa makina ake, pamalo awo akale. Anadikira. Anagogodanso mwamphamvu mpaka mpini unasiya chipsera kudenga.

Lawrence anali pomwepo, akupukuta paini wake ndi kansanza, akuimba mluzu. Sanamve chilichonse.

Kutacha anapeza wotchi yake pa sitepe yomaliza ya makwerero, itakulungidwa m'kansalu.

* * *

Loweruka m'mawa mayi Belita anaitanitsa mchimwene wawo. Anayala mphasa pabalaza, n'kutuma uthenga kuti mlangizi atsike. Lawrence analowa wotchi ili m'thumba, maso ali ofiira. Sellina anakhala kukona, akuyang'ana zala zake.

"Achimwene, ndakuitanani kuti mumve ndi makutu anu," anayamba mayi Belita. "Mlendo uyu achoke m'nyumba mwanga mwezi uno usanathe. Wanyenga mwana wanga, walowetsa mkazi pamutu panga, ndiye pofuna kuti ndisamve wayala ziguduli. Ine si mwana."

"Amayi, kulibe mkazi," anatero Lawrence.

"Ndiye mapazi aja ndi a ndani?"

Lawrence anayang'ana a Eneya. A Eneya anayang'ana kudenga.

"Nenani, a Lawrence," anatero Sellina, misozi ili m'maso. "Mukanena dzina, ngakhale lindipweteke, ndikumverani. Mukapanda kunena, musadzandiyankhulenso."

Lawrence anapukusa mutu. "Ndinalumbira. Ndichoka m'nyumba muno ngati mwatero, koma dzinalo silituluka pakamwa panga."

Kenako a Eneya anapuma mozama, anawerama, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

"Achimwene, mukutani?"

"Kwatentha, achemwali."

Anavula nsapato, anavula sokosi, anaimirira. Anakunga jekete lawo la kutchalitchi m'chiuno. Pakamwa panayamba kulira ng'oma, ndipo timapazi tija tinayamba kuthamanga pasimenti, kutsogolo, m'mbali, kutembenuka. Mayi Belita anatsegula pakamwa. Kagundidwe kameneko anakadziwa.

"Tiye, mphwanga!" anakuwa mkuluyo.

Lawrence analowa m'bwalo. Kunena zoona, anavina ngati munthu wopondaponda dothi la njerwa. Koma pofika potembenuka anatembenuka bwino, anagwetsa phewa monga amachitira eni ake, n'kuima ndendende pamodzi ndi mphunzitsi wake.

Sellina anayamba ndi kulira, kulirako n'kusanduka kuseka, mpaka anagwira m'mimba n'kutsamira khoma. "Mkazi wochepa thupi uja ndi atsibweni? Amayi, mkazi wanu uja ndi ameneyu, wa ndevuyu?"

"Mkulu wa mpingo," anatero mayi Belita pang'onopang'ono. "Woyambitsa nyimbo Lamulungu. Mwandichititsa manyazi, achimwene."

"Kanenezeni, ndikayankha komweko. Mnyamatayu analola kutaya nyumba ndi mkazi kuti asunge mawu ake kwa ine. Ndikanakhala chete ndikanakhala munthu wanji?" Anakhala pansi akupuma mwawefuwefu. "Koma nkhani sinathe. Achemwali, munkati mwamuna woyenera Sellina ndi wotani?"

"Wobwera, womanga, wokhala."

"Kubwera anabwera. Nanga sabata yonseyi pamutu panu pamalira chiyani?"

"Nyundo."

"Ya kalipentala?"

Mayi Belita anali ataona okha kuti palibe mmisiri anakwera makwerero aja.

"Taonetsa chala," anatero a Eneya. Lawrence anatukula chala chakuda chija. "Matabwa wagula yekha. Wakhoma yekha, m'nyumba ya mbumba yathu, ine mwini mbumba nditamupatsa msomali woyamba. Wobwereka nyumba sakhoma zotere, pochoka angazinyamule bwanji? Kwathu kuno zimenezi timati kumanga." Anatembenukira kwa Lawrence. "Iwe, wamanga kapena sunamange?"

Apa m'pamene Lawrence anazindikira chifukwa chimene anamukanizira a Sitima. Anayang'ana Sellina. Mtsikanayo anali atasiya kuseka, manja ali pakamwa, maso akumupempha.

"Ndamanga."

"Womanga amakhala. Ng'ombe sitifuna, tilibe khola. Ana akabadwa ndi a pano. Ukuvomera?"

"Ndikuvomera," anatero Lawrence mokweza. "Ndikhala pano."

Mayi Belita anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo kunali komaliza kumuyang'ana m'maso. Anakoka chitenje n'kufunda kumutu, anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma, monga achitira mayi pamaso pa mkamwini wake.

"Sellina," anatero, "uwauze akamwini kuti nyemba za kalongonda zapsa. Asapite kumsika kukadya za m'mapepala ngati alibe kwawo."

Sellina analiza nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Lawrence anatulutsa wotchi ija, ndipo Sellina anaitambasulira dzanja asanapemphedwe.

"Koma tsache langa simunaliyankhe," anatero akumanga lamba wake.

"Unagogoda?"

"Mpaka mkono kuwawa."

"Tiye ukaone chifukwa chake. Ukadumphepo wekha, amayi samva ngakhale pang'ono."

* * *

Anathamanga kuzungulira nyumba, akukankhana pamakwerero ngati ana a sukulu. Pikapu yoyera yomwe inaima kuseri kwa nandolo sanaione. Lawrence anadabwa kupeza chitseko chili chotsekula, koma anakumbukira kuti potsika sanakiye.

Pakona ya kukhomo, pamwamba pa matabwa akale aja, panali mpando. Pampandopo panakhala bambo wamtali wa imvi, jekete lili ndi fumbi la ulendo wautali, chipewa chili pabondo. Fletcher anatsamira windo, akusewera ndi makiyi.

"Adada," anatero Lawrence atazindikira bambo ake.

"Ndinawapeza pasiteji akufunsa nyumba ya mlangizi," anatero Fletcher. "Ndinati ndiwathandize. Takhala muno kanthawi ndithu. Ntchito mwaigwira bwino, abwana, palibe anatimva tikulowa."

Sellina anagwada pakhomo. Bambo Chirambo anamuyang'ana, ndipo nkhope yawo sinali yankhanza.

"Ndiwe Sellina? Dzuka, mwana wanga. Mnzakoyu anatitumizira mawu onena za iwe, amayi ake anavina. Ndayenda masiku awiri kudzaona abale ako. Ng'ombe ndinasankha kale, zonenepa, kuti anthu a kuno asatiseke." Analoza pansi, pamipata ya mkungudza pakati pa nsapato zawo. "Koma ndakhala pano, ndipo pano pamamveka zonse. Lawrence, mawu aja anali ako?"

"Adada, mundilole ndifotokoze."

"Ndafunsa ngati anali ako. Kuti ukhala kuno. Kuti ana ako sadzatchedwa a kwathu."

"Anali anga."

"Mwana wanga wamwamuna ndi iwe wekha. Khola lija ndimasungira ndani? Manda a agogo ako adzalimira ndani?" Anawerama n'kutola nyundo yomwe inali pakhoma. Anaigwira kumutu, mpini n'kulozetsa kwa mwana wawo. "Akuti wamanga chifukwa wakhoma. Chabwino. Zula. Zula onse, tikakhale pansi ndi anthuwa tikambirane ngati akuluakulu. Ukapanda kuzula, ine ndikwera galimoto yomwe yandibweretsayi, ndipo ku Rumphi usadzabwere ngakhale pamaliro anga."

Lawrence analandira nyundoyo chifukwa dzanja la bambo ake silikanatsika.

Pamenepo mawu anakwera kuchokera pansi, kudzera m'mipata yomwe ija, omveka bwino ngati mwini wake ali m'chipindamo. Mayi Belita nawonso anali atamva zonse.

"Sellina, uwauze akamwini kuti alendo tawalandira, madzi osamba tiwatenthetsera. Koma uwauzenso kuti msomali umodzi ukangozuka m'nyumba mwanga, wotchiyo ibwerere, ndipo ulendo uno sidzabweranso."

Fletcher anasiya kuseweretsa makiyi. Lawrence anayang'ana bambo ake, anayang'ana nyundo, anayang'ana mzere wa misomali yopindikapindika yomwe anakhoma akuimba.

Sellina anadzuka. Anavula masilipasi ake n'kuwasiya pakhomo. Anadutsa pafupi ndi mpando wa bambo Chirambo atawerama mwaulemu, n'kukaima pa thabwa loyamba la paini, mapazi onse awiri pamwamba pa misomali.

"A Lawrence," anatero mofatsa, "ngati mukuzula, yambani ndi lomwe ndapondali."